Mkombero wa Wotchi ya Bambo

Misuku, kufupi ndi Mughese
6 Febuluwale 2023

Mlongo wanga Patricia,

Mwaghona kumeneko ku Joni. Ine ndili bwino, mlamu wako NaMbughi nayenso ali bwino kupatula bondo lija. Mvula kuno yakana kudula, msewu wa ku Kapoka ndi matope okhaokha. Undiuze za ntchito yako ndi chifuwa chija.

Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi si yapafoni. Ukudziwa kuti netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo pachulupo sipasowa makutu.

Iwe pamaliro a bambo sunabwere chifukwa cha mapepala ako, ndiye ndikufotokozere bwinobwino. Titaika maliro, bambo aang'ono a Blackson anatsegula sutikesi yachitsulo ija n'kupezamo wotchi imene bambo anagula ku Kitwe akugwira ntchito kumgodi. Paja anasiya kuivala ife tili ana, ankati wotchi yabwino siyendera limodzi ndi khasu. Inali m'kachitini ka fodya, yomangidwa m'mpango. A Blackson sanaimasule. Anangoikweza m'mwamba n'kunena kuti, “Iyi ndi ya mwana woyamba, Clifford, koma adzailandira tsiku lovundukula chiliza. Pakadali pano asunge Esau, chifukwa Esau sataya ngakhale singano.” Anthu onse anavomera.

Mawu amenewo ndiye chuma changa. Akulu athu a Clifford ali ndi masatifiketi ndi penshoni ya upolisi, iwe uli ndi Joni, ine ndinalekera Sitandade 7 ndipo chimene ndili nacho ndi dzina lokha. Chifukwa cha dzinalo makiyi a nyumba yosungira khofi ya kalabu yathu amakhala ndi ine, a tchalitchi chimodzimodzi.

Lachinayi ndinamasula mpango uja kuti ndione ngati chinyezi sichinalowe. Wotchi ili moyo, nditangoigwedeza inayamba kuyenda. Koma mkombero palibe. Ndikunena chitsulo chakuda chozungulira galasi, cha manambala 10, 20, 30, chimene chimaoneka bwino pa chithunzi cha pakhoma chija bambo atagwira chibwano. Pamalo pake pangotsala kangalande.

Ndatulutsa katundu yense m'chipinda. Fumbi la pansi pa bedi ndalisefa ndi sefa ya ufa. Chisa cha makoswe kudenga ndachiphwasula ndi manja, zimene ndinapezamo sindingazilembe. Abale a mlamu wako amene anagona kuno pa Khirisimasi ndawaganizira mmodzimmodzi mpaka mutu kuwawa. Palibe chimene ndapeza.

Chiliza tivundukula pa 14 Okutobala. Pakamwa pa a Clifford umapadziwa. Akadzamasula mpango pamaso pa anthu n'kupeza wotchi yadazi, ine ndatha.

Pempho langa ndi ili. Kumeneko kuli amisiri a mawotchi akale, undipezere mkombero wina. Wotchiyo sindingaitumize, inaikizidwa kwa ine. Ndayeza ndi ulusi wakuda. Kuchokera pa mfundo yoyamba kufika yachiwiri ndi kuzungulira kwa galasi, kufika yachitatu ndi kuzungulira kwa kunja. Ulusiwo ndaukulunga m'pepala, ndalembapo dzina lako, ndaukwirira pansi pa nyemba zimene ndakutumizira, kuti wina akatsegula kalata asapeze zonse pamodzi. Nyemba zatsogola ndi transipota, kalata ibwera ndi a Kayange amene akunyamuka sabata yamawa.

Usauze munthu, makamaka a Clifford.

Ndine mlongo wako,
Esau

Randburg
27 Febuluwale 2023

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndine Mkhristu. Nyemba zafika, koma sindinadye ngakhale imodzi.

Ndikukhuthulira m'ndowa ndapeza kapepala pansi penipeni, kolembedwa dzina langa ndi dzanja lanu. M'kati ulusi wakuda wa mfundo zitatu. Kalata palibe, mawu palibe. Ndinakuimbirani pompo, inu n'kungoti “si zapafoni” n'kudula. Achimwene, mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?

Lamulungu ndinapita nawo kwa abusa athu. Atangouona anabwerera m'mbuyo. Akuti mfundo yoyamba yamanga ntchito, yachiwiri banja, yachitatu mapepala. Ndipo n'zoona mwezi uno abwana andichepetsera masiku. Ulusiwo tinauthira mafuta n'kuutentha kuseri kwa holo imene timapemphereramo, mpingo wonse ukuimba. Nyemba tinataya m'bini.

Ndakulakwirani chiyani ine? Ngati ndi kamunda ka malemu amayi ka kudambo, tengani, sindidzalimako. Anzanga kuno amandiseka kale kuti kwathu n'kwa mankhwala, ine n'kumakana kuti achimwene anga amasunga makiyi a tchalitchi. Lero ndiwauza chiyani?

Ndikukupemphererani.

Patricia

Misuku
20 Malichi 2023

Patricia,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatu ndinachita kutuluka panja kukalavula. Ndikhulupirira pofika lero yanga ija yakupeza. Ndamva kuti a Kayange anakhala masabata awiri ku Mzuzu kudikira pasipoti, kalata ili m'thumba.

Ndiye iwe, mwana amene ndinkakubereka kumsana popita kusikelo amayi akudwala, wandiimika pamaso pa mpingo wa anthu osandidziwa kuti ndine mfiti. Ulusi ndinachotsa pa makina osokera a mlamu wako. Ndinayeza kasanu kuti ndisalakwitse. Nyemba zija ndinasankha imodziimodzi masiku awiri, yofumbwa ngakhale imodzi munalibe, ndipo zadyedwa ndi bini ya ku Joni. Abusa akowo uwauze kuti masiku akuchepetsera chifukwa umachedwa kudzuka, khalidwe limenelo unali nalo kuyambira kale.

Ndikanakhala ndi wina womutuma sindikanakulemberanso. Koma miyezi ikutha.

Tsopano ndachita china. Ndatenga phula la m'ming'oma yanga ya njuchi, ndalifewetsa padzuwa, ndaliika m'kachitini ka polishi wa nsapato, ndadindapo nkhope ya wotchi nditaiphimba ndi kapulasitiki. Yatuluka bwino kwambiri, kangalande konse kakuoneka. Mmisiri akaona adziwa saizi. Kalatayi ndaimanga pa kachitini komweko ndi mphira kuti pasakhalenso za mizimu.

Phulalo usapite nalo kwa abusa.

Esau

Randburg
14 Epulo 2023

Achimwene anga,

Mwaghona. Pepani. Kalata yoyamba ija inandipeza patatha masiku anayi titatentha ulusi. Ndinalira, kenaka ndinaseka, kenaka ndinaliranso chifukwa cha nyemba. Kumpingo sindinakonze nkhaniyo, ndingayambire pati? Akukupemphereranibe Lachitatu lililonse, sizoipa.

Koma nanunso achimwene. Phula? Katundu amadutsa ku Tete, kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa malole. Kachitini kafika phula litasungunuka n'kuumanso, pamwamba pali see ngati kandulo. Lina linatayikira pa chitenje cha mayi wina wa ku Karonga, transipota wandinyoza mpaka pageti.

Ndinapitabe nako kwa mmisiri. Ndi mkulu wina wa ku Mozambique, ali ndi kashopu m'tauni, amavala kagalasi diso limodzi. Ananunkhiza kachitini n'kundifunsa ngati ndikugulitsa uchi. Nditamufotokozera za ulusi anachita kukhala pansi ndi kuseka. Akuti zonsezi n'zosafunika. Kuseri kwa wotchi kuli manambala, amenewo ndiwo dzina lake. Ndinati mujambule pafoni, koma ndakumbuka kuti kafoni kanu n'kongoimbira ndipo simungabwereke ya munthu. Ndiye akuti mupite pa Boma, muigoneke pa makina a fotokope, kutsogolo ndi kuseri. Pepala silisungunuka.

Koma ndifunse. Simungangowauza a Blackson kuti mwaipeza choncho? Mwina inali choncho kale.

Mlamu mumupatse moni. Mafuta a bondo ndatumiza.

Patricia

Misuku
9 Meyi 2023

Mlongo wanga,

Mafuta afika, ndagha, zikomo. Zowauza a Blackson iwala. Ndakhala ndi wotchi miyezi yonseyi ndisananene kanthu, lero ndikati ndinaipeza choncho ndani angandikhulupirire? Ngakhale ine sindingamukhulupirire munthu wotero.

Lachisanu ndinapita pa Boma. Wotchi ndinaimangirira pamimba ndi nsalu, mkati mwa malaya. Wanjinga yamoto amene ananditenga mpaka pa Kapoka ankayendetsa ngati wakuba, ine dzanja limodzi pamimba, mpaka anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Pashopu ya fotokope panali mzere wa anthu a mafomu. Galasi la makinawo linali ndi mafuta a zala za Chitipa yense, pakona pali nyenyeswa za mandasi. Ndinamuuza mayi wa pamenepo kuti apukute. Anati, “Adada, mukufuna kujambula wotchi kapena kuidyetsa?” Anapukutabe. Kumbuyo kwanga kunali wapolisi wa kumalire, wa Chichewa cha ku Dedza, n'kumati, “Bwanji mungoijambulitsanso ya chiphaso, ikavote.” Anthu onse kufa nako kuseka. Ine thukuta, kuopa kuti wina wa kwathu alowa.

Mapepala ndi awa awiri. Ndinaika lula pambali kuti mmisiri aone kuti makina sanakulitse. Manambala ndawalembanso ndi bolopeni pansi pake, ndawafananiza katatu.

Esau

Randburg
16 Juni 2023

Achimwene,

Nachi chinthu chanu. Chili m'kati mwa sokosi yakumanzere, masokosiwo ndi anu. Za mtengo musafunse, ndi chipepeso cha nyemba.

Mmisiri ataona manambala anasiya kuseka. Akuti ndi wotchi ya ku Japan ya anthu osambira pansi pa madzi, ndipo anafunsa kuti bambo ankasambira kuti ku Misuku. Akuti mkombero wake weniweni sapanganso, uwu ndi wongofanizira koma saizi ndi yomweyo. Muli kawaya kopyapyala, musakataye. Muyambe mwachotsa litsiro m'kangalande ndi kamtengo ka machesi, muike kawaya, kenaka mukanikize ndi zala zazikulu ziwiri mpaka ulowe. Guluu ayi, wanena kawiri.

Tsopano mugone tulo. Ine pa chiliza sindibwera, ndikatuluka kuno sadzandilolanso kulowa. Mudzandijambulitsire.

Patricia

Misuku
12 Julayi 2023

Mlongo wanga,

Ndagha kwambiri. Walowa. Litsiro la m'kangalande linali louma ngati dothi la chulu, ndinathyola timitengo ta machesi tinayi. Umazungulira, ngakhale ndi wolobodoka pang'ono.

Koma unabwera ndi vuto lake. Unkawala ngati ndolo za mkwatibwi, pamene wotchi yonse ndi yotuwa ndi yokalikakalika. Mwana wa Sitandade 1 akanaona kuti ndi mlendo. A Clifford ndiye akanayamba kulemba sitetimenti.

Ndiye ndinauchotsanso. Ndinaukwecha ndi phulusa, kenaka ndi mchenga wosefa, makamaka pa 10 ndi 20 pamene pa chithunzi pakuoneka pofufuma. Unkawalabe. Khofi tayamba kuthyola, ndiye ndinaumanga m'kansanza n'kuukwirira m'dzenje lotayamo makoko kuseri kwa makina osendera. Iwe unaiwala fungo la dzenje limenelo. Makoko owola, madzi akuda, mphutsi zoyera zonenepa ngati chala. Ndinapisamo mkono mpaka m'chigongono, kawiri, poika ndi pochotsa patatha masiku asanu ndi anayi. Mlamu wako anakana kuti ndidye naye mbale imodzi, akuti ndikununkha ngati nkhumba yakufa.

Koma watuluka wokalamba. Ndaika wotchi pambali pa chithunzi, ndayang'ana ndi magalasi ndi popanda magalasi. Palibe angadziwe.

Ndimayesa ndisangalala. Chimene chikundivuta n'chakuti ndinaigwira bwino kwambiri ntchitoyi. Sindinkadziwa kuti manja angawa amatha zoterezi.

Esau

Misuku
4 Sepitembala 2023

Patricia,

Moni ndi wochepa lero. Khala pansi uwerenge.

Dzulo titaweruka kutchalitchi, a Blackson anatuma uthenga kuti ndibwere ndi kachitini ka wotchi. Ndinapeza anthu ali pakhonde, azakhali ndi akuluakulu ena atatu. Pamphasa panakhala mayi wina wachilendo, wazaka ngati makumi atatu ndi zisanu, nsapato zili fumbi lokhalokha. Dzina lake Eva, wachokera ku Nakonde.

A Blackson anati, “Mama, bwerezani zimene mwanena, mwana wa malemu amve.”

Iye anati mayi ake anamwalira chaka chatha. Asanamwalire anamuuza kuti bambo ake ndi Kabaghe wa ku Misuku, kutanthauza bambo athu, amene ankabwera ku Nakonde kudzagulitsa nyemba ndi khofi mu 1988. Akuti atamva kuti pali mimba, anachotsa mkombero pa wotchi yawo ndi mpeni n'kuwapatsa mayiwo, n'kunena kuti, “Wotchi yopanda ichi ikhala kwathu. Mwanayu akadzafuna kwawo adzabwere nacho.” Sanapitekonso. Eva atatero anamasula kansalu n'kuika chinthucho pamphasa.

Patricia, unali mkombero. Wakuda, wofufuma pa 10 ndi 20.

Azakhali anafunsa kuti, “Ndiye ukufuna munda uti?” Iye anati, “Munda ndili nawo. Ndamva kuti mukuvundukula chiliza. Ndikufuna kudzaima pamene paima ana.”

A Blackson anati, “Nkhani yosavuta iyi. Esau, masula.”

Ndinamasula. Wotchi inatuluka yathunthu, mkombero uli pomwepo, wokalamba bwinobwino monga ndinaukonzera.

Azakhali anaomba m'manja. “Hii! A ku Nakonde inu! Mwatha kugulitsa mafoni abodza, tsopano mwayamba kugulitsa ana?” Anthu anaseka. Mkulu wina anati mwina pali Kabaghe wina wa wotchi yadazi, akafunefune ku Ifumbo. A Blackson anaitembenuza wotchi uku ndi uku n'kunena kuti, “Chinthu ichi chakhala m'manja mwa Esau. Chikanakhala kwa wina ndikanakayika.”

Mayiyo sanakangane. Anayang'ana wotchi, anayang'ana mkombero wake, n'kunena motsitsa kuti, “Amayi anga sankanama.” Kenaka anandiyang'ana ine. Makutu ake ndi a bambo, aja otambalala ngati a iwe. Ine ndinayang'ana pansi n'kumanga mpango. Anapita wapansi mpaka pamsika kukafuna njinga, madzi akumwa palibe anamupatsa.

Ndafika kunyumba ndawerenga zaka. 1988 ndi chaka chimene amayi anagona miyezi iwiri kuchipatala pa Boma, ine ndikuphikira iwe phala. Bambo ankati akupita kukasaka za mankhwala. Atabwerako ndi pamene wotchi inalowa m'sutikesi, ati siyendera limodzi ndi khasu. Zaka zonsezi akutilalikira pakhomo pano, kundimenya ine chifukwa cha fosholo imene ndinaiwala kumunda. Ndipo ine ndasefa fumbi, ndaganizira abale a mkazi wanga kuti ndi akuba, ndapisa mkono m'mphutsi, kukwirira manyazi a munthu amene ankadziwa bwino lomwe kumene chinthucho chili.

Chithunzi chija ndachitembenuzira kukhoma.

Mayiyo wati adzabwerabe pa 14, adzaonere patali. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndauza mudzi wonse kuti ndinapanga chinthu chabodza n'kuwapusitsa akuluakulu maso ali gwa. Amene akudziwa ndi iwe ndi ine basi. Ndichite chiyani? Uyankhe ndi transipota woyamba.

Esau

Zomba
12 Sepitembala 2023

Esau,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Foni yako siipezeka, ndiye ndapatsira kalatayi mphunzitsi wina wobwerera kumeneko.

1. A Blackson andiuza za mayi wa ku Nakonde. Milandu yotere ndaiona yambiri. Amayamba ndi kuima pamanda, amathera pa munda wa khofi.
2. Wachita bwino kusunga katundu mmene analili. Umboni ukasungidwa bwino mlandu umadziweruza wokha. Ndinkakuyesa wamantha chabe, koma nthawi ino mantha ako atithandiza.
3. Akadzabweranso, asadzafike pafupi ndi chiliza. Ndidzalankhula ndi anzanga pa Boma.
4. Ndifika pa 12. Undikonzere chipinda chopanda utitiri.

C. Kabaghe

Randburg
21 Sepitembala 2023

Achimwene,

Kalata yanu ndaiwerengera m'bafa kuntchito, ndatuluka maso ali ofiira mpaka abwana kundipatsa mapiritsi a chimfine.

Za bambo sindikufuna kulankhula. Amayi anafa osadziwa, kapena ankadziwa n'kumangotiphikira. Zonse ziwiri zikundinyansa.

Koma mwafunsa, ndiye ndiyankha. Khalani chete. Inu simunaname, palibe anakufunsani kanthu. Anati masula, munamasula. Mayiyo wakula zaka zonsezi popanda ife, ali ndi munda wake, sadzafa chifukwa sanaime pa chiliza. Koma inu mukayankhula, mudzakhala bwanji pa Misuku? Ine ndili kutali, a Clifford adzakwera basi. Amene adzatsale akulozedwa zala pamsika ndi inu ndi mlamu. Makiyi aja adzakulandani, ndipo ndikukudziwani, inu popanda makiyi m'thumba mudzadwala.

Komanso mukanena, mudzatchula ine. A Clifford adzati mlongo wawo amatumiza zinthu zabodza kuchokera ku Joni.

Makutu otambalala ali ndi anthu ambiri. Mwinanso mayi akewo anatola chinthucho pena pake. Sindikukhulupirira zimene ndalembazi, koma mukhoza kumadziuza zimenezo mpaka pa 14 padutse.

Chonde, achimwene.

Patricia

Misuku
17 Okutobala 2023

Mlongo wanga Patricia,

Mwaghona. Tonse tili moyo. Chiliza tavundukula Loweruka, mvula sinagwe, anthu anadya n'kukhuta. Zithunzi zikubwera ndi a Kayange, ndiye uziyembekezere chaka chamawa.

Kalata yako inandipeza pa 6. Ndinagwirizana nayo. Ndinapita kumanda nditatsimikiza kukhala chete, ndipo usaganize kuti mlongo wako ndi munthu wolimba mtima.

Abusa atapemphera, nsalu itachotsedwa, a Blackson anaitana ana kuti tiime kutsogolo, a Clifford ndi ine, ndi mpando wopanda munthu woimira iwe. Eva anabweradi. Anagwada kutali, kunsi kwa nthochi za a Mbughi, yekhayekha. Azakhali anamuona. Anakuwa nyimbo ili m'kati, “Wakuba uja wabweranso! Muchotseni, akutidetsera mwambo!” Amuna awiri anayamba kupita komweko. Iye sanadikire kuti amugwire. Anadzuka, anasasa maondo, anawerama kuloza kumanda, n'kutembenuka.

Nthawi yomweyo a Blackson anali atandigwira phewa, akuuza anthu kuti, “Onani munthu woona uyu. Masiku ano anthu otere anatha.” Malovu anadzaza m'kamwa mwanga ngati ndamwa madzi a m'dzenje lija. Ndinaona kuti ndikameza, ndidzakhala ndikumeza mpaka tsiku langa.

Ndinati, “Bambo aang'ono, amuitane mayiyo.” Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. Ndinamasula mpango, ndinatulutsa mpeni wanga wodulira nthambi za khofi, ndinalowetsa nsonga pansi pa mkombero n'kuutembenuza. Unadumpha n'kugwera pa simenti ya chiliza.

Ndinanena zonse. Kuti ndinaipeza yadazi mu Febuluwale, kuti ndinaopa, kuti ndinaitanitsa wina, kuti ndinaukalambitsa m'makoko. Dzina lako sindinatchule, ndinati ndinatuma munthu. Koma poti ku Joni tili ndi munthu mmodzi yekha, usadalire kwambiri zimenezo.

A Clifford anavula magalasi. Anati, “Zaka makumi atatu ndili kupolisi, sindinaonepo wakuba wobwera yekha ndi umboni m'thumba. Ndiye tsiku lija unangokhala phee, akulu akukuyamikira?” Ndinati inde. Anati, “Chitsiru.” Azakhali anati ndalodzedwa ndi a ku Nakonde. Mlamu wako anaphimba nkhope ndi chitenje.

A Blackson anamuitana Eva n'kutambasula dzanja. Anayesa kuika mkombero wa Eva koma unawakanika, ndiye anandipatsa ine osandiyang'ana. Ndinakanikiza ndi zala ziwiri. Unalowa kuti tha, ndipo pouzungulitsa unkalira kuti te, te, te, pamene wa ku Joni uja unkangoterereka. Amene anali pafupi anamva. A Blackson anayang'ana chiliza nthawi yaitali n'kunena kuti, “Akulu, mwatichititsa manyazi mutagona.” Kenaka analoza mpando wako n'kumuuza Eva kuti akhalepo. Usakwiye, panalibe mpando wina.

Wotchi a Clifford atenga, ndi yawo. Ndinafunsa Eva ngati akufuna mkombero wake, iye anati, “Ndaubweretsa kwawo.” A Clifford anaiponya m'thumba la jekete osaivala, ndipo ananyamuka Lamulungu m'mawa osanditsanzika. Eva anagona kwathu masiku awiri. Amadya pang'ono, ndipo mbale amatsuka kawiri. Za tsiku lija la pakhonde sanandifunse, bola akanandinyoza.

Unanena zoona za makiyi. Dzulo tcheyamani wa kalabu anabwera ndi mlembi, mwaulemu ndithu, akuti mamembala akufuna ndipumuleko kaye. Akuti munthu wodziwa kukalambitsa chitsulo angathenso kusakaniza khofi. Ndinawapatsa, ndinawawerengetsa kuti onse alipo asanu ndi limodzi. A tchalitchi akumana Lachinayi, ndikudziwa kale. Pamsika anyamata a njinga ayamba kundifunsa ngati ndingawakalambitsire malaisensi. Thalauza langa lapepuka mbali imodzi ndipo ndikuyenda ngati wopunduka.

Sindikumva ngati ndachita chinthu chabwino. Ndikumva ngati munthu amene wasanza, m'kamwa mowawa koma m'mimba mwakhala pansi. Bambo sindinawakhululukire, ndipo usandilembere mavesi.

Eva wapempha nambala yako ndipo ndamupatsa. Akaimba uyankhe bwino, ndi mng'ono wako.

Chatsala ndi chimodzi. Pa chiliza, pansi pa dzina, tinalembetsa kuti “Anasiya ana atatu.” Lero ndinapita kwa mmisiri amene anaumba. Akuti angathe kugoba mawu omalizawo n'kuikapo ena, koma simenti yatsopano sigwirizana mtundu ndi yakale, chigamba chidzaonekera kumsewu. Anati akhoza kuchipaka kuti chifanane, anthu asadziwe. Ndamuuza kuti asapake.

Ndine mlongo wako,
Esau